Tepi Yachinayi ya a Mchenga

Malemu alamu anga anabadwa pa 14 Ogasiti 1959, ali mwana wachiwiri m'banja la ana anayi. Ndisanapite patali, abale ndi alongo, ndikudziwa kuti ena mukufunsana kuti bwanji mbiri ikuwerengedwa ndi mlamu, telala wamba, pamene abale awo a magazi ali pompano. Chifukwa chake ndi icho chaima pa miyendo itatu apocho. Mwana wa malemu waimika kamera ya bambo ake, ndipo aliyense amene anapemphedwa kuima kutsogolo kuno wapeza chodwala, wina chifuwa, wina bondo. Ine ndavomera, koma ndayamba ndamuchonderera mwanayu kuti ailozetse kukhoma. Ndaonanso mmene mwakhalira. Achemwali anga, amene ndi akazi a malemu, mwawasiyira malo mbali zonse ngati pali moto, ndipo manong'onong'o ndawamva kuyambira dzana, akuti otsatira ndi iwowo. Ndimvereni mpaka kumapeto, chifukwa nkhani ya moyo wa achemwaliwo ili m'mbiri yomweyi.

Bambo awo a malemu anali okonza mawailesi ndi ma TV, m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1966. Anali ndi chibwibwi chachikulu, moti liwu limodzi lokha linkawatulutsa thukuta, ndipo anzawo atayamba kuwayesezera iwo anangosankha kukhala chete. Akaweruka ankathamangira kwa bambo awo, n'kukhala pa bokosi moyang'anizana ndi ma TV owonongeka. Mukudziwa TV ikapanda kugwira kanthu imangoonetsa timadontho toyera ndi takuda tikuwirawira, tija timati mchenga. Ana ena ankafuna zithunzi, koma iwo ankaonera mchengawo mpaka kuiwala chakudya. N'kumene kunachokera dzina limene ambiri mukuwadziwa nalo, la a Mchenga. Anamaliza sekondale mu 1978, ndipo anayamba kugwira ntchito limodzi ndi bambo awo.

Mu 1985 analembedwa ntchito ndi munthu wina wojambula mavidiyo a maukwati. Anayamba ndi kunyamula nyali ndi mawaya, kenaka anawapatsa kamera. Sanakhalitseko. Pa ukwati wina, akwati akulumbira kutsogolo, alamu anga anali atalozetsa kamera pa manja a mayi a mkwatibwi, amene ankapinda ndi kufunyulula kansalu kopukutira misozi. Eniake atalandira tepi anapeza manja okhaokha, mphete osaoneka, keke osaoneka, ndipo anaibweza. Abwana anawachotsa tsiku lomwelo. Mayi aja atamwalira, banja lomwelo linabwera kudzaifuna tepiyo ndi misozi, koma ntchito inali itapita kale. Pa 5 Sepitembala 1987 malemu anakwatira achemwali anga. Suti ndinasoka ndine, ndipo ndinawaseka kuti alamu, lero kamera tapatsa wina, kuopa kuti mungatijambule zigongono. Anaseka mpaka kutsokomola. Anali munthu wokoma kuseka naye, ndipo ndikunena dala kuti zimene zikubwerazi zisakuiwalitseni. Mu 1989 Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, uyo waima pafupi ndi kamerayo.

Mu 1993 anagula kamera yawoyawo ndi madeki awiri, makina aja olowetsamo tepi, n'kusandutsa chipinda chakumapeto kwa nyumba kukhala mogwirira ntchito. M'kati mwa mlungu ankakonza ma TV kuti banja lidye, koma Lamlungu linali la chipindacho. Ntchito yake inali yotere, ndipo mumvetsetse bwino. Ankajambula chinthu chimodzi, kamera ili phee pa miyendo yake. Kenaka ankalumikiza madeki awiri aja ndi waya, n'kukopera chithunzicho pa tepi ina. Lamlungu lotsatira ankakopera chokopedwacho, lotsatiralo chokopedwa cha chokopedwa. Tepi ikamakopedwa imataya pang'onopang'ono, ngati nsalu yochapidwachapidwa. Mtundu umayamba kusuluka, m'mphepete mumayamba kunyenyeka, mpaka chithunzi chonse chimasanduka mchenga. Chidutswa cha mlungu uliwonse ankachiwonjezera pa tepi imodzi, motsatana, kuti woonera aone chinthucho chikutha pamaso pake. Ndipo akakhutira kuti ntchito yatha, ankathyola ndi chikhadabo kadzino ka pulasitiki kakuseri kwa kaseti, kaja kamene ukakathyola sungajambulenso kanthu pa tepiyo. Kadzino kakathyoka, basi, sankawonjezeranso kanthu.

Poyamba ankajambula zinthu wamba, chitseko, masitepe, malaya ali pa chingwe. Ife apabanja tinkati ndi misala, munthu kugula makina odula kuti aziwononga zithunzi dala. Koma mu 1996 anthu a zaluso anawaitana kukaonetsa ntchito zawo m'nyumba ina ya makoma oyera mbee, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu ataima manja kumbuyo, akuyang'ana diresi ya achemwali ikusungunuka pa TV, wina mpaka kupukuta misozi. Diresi yake ndinasoka ndine, koma palibe anandifunsa. Kuchokera pamenepo matepi awo anayenda maiko amene eniake sanapondeko. Kuyambira 2003 mpaka 2019 ankaphunzitsa pa sukulu ya zaluso, ndipo ophunzira awo amati phunziro lalikulu linali kukhala pansi n'kuyang'ana, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziko litasamukira ku mafoni ndi makompyuta, iwo anakana. Ankati chithunzi cha pakompyuta ungachikopere kambirimbiri sichisintha, ndiye kuti chimanama, chifukwa palibe chamoyo chimene chimatero.

Tsopano ndafika povuta. Mu 1998 malemu anayamba kujambula anthu. M'chipinda muja munali mpando wachitsulo wobiriwira, ndipo oyamba kukhalapo anali bambo awo. Anawajambula ali chete, manja pa mawondo. Lamlungu lililonse nkhope ya mkuluyo inkasuluka, mpaka mu Novembala inasanduka mchenga, kadzino n'kuthyoka. Mu Disembala tinawaika m'manda. Tinati ndi ukalamba. Mu 2006 anakhazikapo mnzawo wapamtima, wometa tsitsi wa pamsewu wathu, bambo wa thupi lake, woseka mpaka kumveka tsidya lina la msewu. Tepi itatha, mwezi sunathe, wometa uja anagwa ali ndi sizasi m'manja. Pamenepo anthu anayamba kuyang'anana. Mu 2014 anakhazikapo mng'ono wawo wotsiriza, dalaivala wa basi, munthu amene anali asanamere ndi imvi yomwe. Ameneyo titamuika panalibenso zoyang'anana, aliyense ankanena poyera kuti matepi atatu, maliro atatu.

Abale, tinaopa, ndipo sindichita manyazi kunena. Mpando wobiriwira uja unasanduka njoka m'nyumba. Ana tinawaletsa kudutsa pansi pa zenera la chipindacho. Alamu akatulukira pa chisangalalo cha banja atakoleka chikwama paphewa, anthu ankabalalika, ngakhale m'chikwamamo muli mabuku chabe. Ine ndemwe, amene ndinkadya nawo mbale imodzi, ndinayamba kuwayeza zovala titaima pageti. Iwo sanadziteteze. Ukawafunsa, mawu ankawatsamwa, mitsempha ya m'khosi n'kutupa, ndipo chimene chinkatuluka n'chakuti munthu sachoka tsiku limodzi. Achemwali ndi amene ankawayankhira. Ankati amuna anga sapha munthu, amangoona msanga. Ankati munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyang'anitsitsa amaona zimene inu othamanga simuona, kupuma kwa bambo awo, kutupa kwa mapazi a wometa, maso achikasu a mng'ono wawo. Ankati onsewo anawauza za kuchipatala, mng'onoyo anachita kumukokera okha, ndipo ankawajambula chifukwa sankadziwa njira ina yolirira munthu. Ife tinkati mkazi sangaleke kuikira kumbuyo mwamuna wake. Mu 2016 mwana wawo anapeza ntchito yolumikiza mafilimu kutali, nyumba inatsala ya anthu awiri, ndipo chimwalirire dalaivala uja, kwa zaka khumi palibe amene anakhalanso pa mpando uja.

Lamlungu lina masana, mu Febuluwale chaka chatha, ndinapita kukasiya buluku lawo limene ndinasoka. Ndikulowa pageti ndinawaona alamu ataima panja, padzuwa, kuseri kwa kamera, atailozetsa pa zenera la chipinda chija. Ndinadabwa, chifukwa ena onse aja ankawajambulira m'kati. Ndinasuzumira pagalasi, mayo ine! Pa mpando wobiriwira panali achemwali anga, manja pa mawondo, ali chete. Buluku linagwera m'fumbi. Ndinakuwa ngati ndaona nyumba ikupsa, koma alamu sanatembenuke mpaka atamaliza. Achemwali anatuluka akuseka, amvekere wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma titalowa kukhitchini awiriwiri anandigwira mkono, ndipo dzanja lawo linali lozizira ngati la munthu wochokera kochapa. Anandiuza kuti iwe, ine ndikuopa kuposa nonsenu. Inu mumaopa kamera, ine ndimakhulupirira diso lawo, ndiye ngati andikhazika pampando paja, aona kanthu m'thupi mwangamu. Anati anawafunsa kuti mwaona chiyani, ndipo malemu anapukusa mutu, analimbana ndi mawu mpaka misozi, n'kungoti udzaone tepi.

Kuyambira tsiku limenelo, banja lonse maso anali pa achemwali. Tinapita nawo kuchipatala, anawayeza magazi, anawaunika pachifuwa, m'mimba, paliponse, adokotala n'kunena kuti mayiwa ali bwino kuposa inu mwawabweretsanu. Sitinakhulupirire, tinapita kwina. Akangotsokomola kamodzi, mafoni ankalira nyumba zonse. Yanga ikalira, ndinkaganiza za maliro ndisanaone n'komwe woimba. Achemwali anasiya kugona, chakudya ankangochitosatosa, mpaka anayamba kugawa zovala zawo. Lamlungu likafika, kuseri kwa chitseko cha chipinda chija kunkamveka deki ikulira, ndipo iwo ankakweza wailesi kuti asamve nkhope yawo ikutha. Phokosolo likasiya, malemu ankatsegula chitseko, n'kuima pakhomo, n'kunena mawu awiri amene ankatuluka osawatsamwa, akuti bwerani mudzaone. Ankatero Lamlungu lililonse, kwa aliyense amene wapezeka m'nyumbamo. Palibe amene analowa. Ndani akanafuna kuona mlongo wake akusanduka mchenga?

M'miyezi yonseyo malemu ankatiperekeza kuchipatala. Ankakhala pa benchi panja atafungatira chikwama cha akazi awo, madokotala akungowadutsa. Anandibweretsera mabuluku kuti ndiwachepetse m'chiuno, patapita miyezi anabweretsanso omwewo. Ine ndinayeza, ndinadula, ndinasoka, ndipo ndinawaseka kuti alamu, lusoli likukudyani, mudzatha ngati matepi anu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo lero ndikuganiza kuti ankadikira funso. Safunsa anadya phula. Maso anga anali kwa achemwali, monga analili maso a tonsefe.

Pa 2 Juni chaka chino, m'mawa, malemu anagwa akusesa pakhonde. Kuchipatala adokotala anatiitanira pambali n'kutifunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi, matenda a m'mimbawa ndi akale, afalikira kale paliponse. Malemu sanayankhulenso, ndipo pa 9 Juni, achemwali atawagwira dzanja, anatisiya ali ndi zaka 65. Mukanaganiza kuti mantha atha pamenepo, koma ndi pamene anakula. Ena anati kamera yatembenukira mwini wake, koma tepi yachinayi ikadali m'deki, ikudikira munthu wake. Ena anati tiitenthe. Ena anati mukaitentha ndiye kuti mwatentha achemwali. Wina anabwera ndi hamala ndi misomali kuti tingokhomera chipindacho. Tinakangana pabalaza thupi lisanafike n'komwe, achemwali ali pakati pathu, akumva anthu akukambirana za imfa yawo.

Dzulo m'mawa mwana wawo anafika. Atamva zimenezi sanayambe n'kulira, anayamba n'kupsa mtima. Anati bambo anga anakuitanani chaka chathunthu kuti mudzaone, ndiye mukufuna kutentha chinthu chimene simunachione? Anagwira amayi ake dzanja ili, ine dzanja ili, n'kutikokera m'chipinda muja. Abale ena onse anatsala kunja kwa chitseko. Ine ndinali ndisanapondemo chiikire dalaivala uja. Munkanunkha fumbi ndi mawaya. Pa shelefu yapamwamba panali matepi atatu aja atandandalikidwa. Ndinaima pakhomo penipeni, phazi limodzi kunja. Mpando unali umodzi wokha. Achemwali anauyang'ana, anati chobwera chibwere, n'kukhalapo. Mwanayu anayatsa TV.

Anaoneka achemwali, owala bwino, manja pa mawondo. Ine ndinatsinzina. Mwanayu anandigwedeza, amvekere malume, musayang'ane amayi, yang'anani pagalasi. Nditatsegula maso ndinaona. Paja ndanena kuti tsiku lija alamu anaima panja, padzuwa. Galasi la zenera linawatenga. Anali momwemo m'chithunzimo, otuwa, opepuka, chithunzithunzi chawo chitagwera paphewa pa akazi awo, dzanja limodzi atalikweza ngati munthu wotsanzika basi ikunyamuka. Pa chidutswa chachiwiri malaya awo anataya mtundu. Pa chotsatira nkhope inafufutika. Mwanayu anatinong'oneza kuti pokopera, chopepuka ndicho chimayamba kutayika, ndipo bambo ake ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anapitirira kutha, mapewa, chifuwa, mpaka kunatsala dzanja lokha lili m'mwamba. Kenaka nalonso linapita, pagalasi panayera. Achemwali anali akadali pampando, mtundu utasuluka pang'ono, koma ali iwowo, maso, mphuno, mpaka kachipsera ka pachipumi. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri, kudikira kuti tsopano ayambe iwo. Tepi inathera pomwepo.

Mwanayu anatulutsa kaseti, anaitembenuza, n'kundiika chala pamalo pake. Kadzino kanali kothyoka. Kenaka anatiloza waya wolumikizira madeki uja. Anali atakulungidwa bwinobwino, ali pa msomali, kangaude atamangapo kale nyumba. Ntchitoyo inatha kalekale, mwina tisanapite n'komwe ku chipatala chachiwiri. Phokoso limene tinkamva Lamlungu lililonse sikunali kukopera ayi. Ankangobweza tepi poyambira, kuti ikhale yokonzeka ngati wina angalowe. Achemwali anati, ndiye kuti ankanditsanzika, ine n'kumakweza wailesi. Kulira kumene analira pamenepo, inu amene munali kunja kwa chitseko munakumva, ndipo munathawa poganiza kuti zija zayamba.

Malemu asiya mkazi, achemwali angawa, amene alibe nthenda iliyonse kupatula chisoni. Asiya mwana mmodzi wamkazi ndi zidzukulu ziwiri, mkulu wawo mmodzi ndi mlongo wawo mmodzi. Asiyanso matepi odzaza makoma awiri, ndipo palibe ndi imodzi yomwe itenthedwe ine ndili moyo. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mlungu womalizawu, a mpingo, aneba amene mwatibwereka mipando, ndi ophunzira awo akale amene anyamula bokosi pamene ena ankazengereza. Ndikupempha chinthu chimodzi. Amayi amene mwakhala kutali ndi achemwali, senderani pafupi. Akhala okha chaka chonse pakati pa anthu owalondera, asakhalenso okha lero.

Ine ndikuopabe, ndisakunamizeni. Ndaona ndi maso, ndakhudza ndi chala pamene panali kadzino, koma chinthu cha miyendo itatucho ndikuchiyang'anabe cham'mbali. Kaya, mwina mantha nawonso sachoka tsiku limodzi. Koma munthu wagona apayu anaima pakhomo chaka chathunthu akutiitana, ife osalowa. Mwanawe, ichotse kukhomako. Itembenuzire kuno, uyambe ndi ine. Yatsa.

Alamu anga, a Mchenga, tabwera kudzaona. Tachedwa, koma tabwera. Mzimu wanu uuse mumtendere.